Masilinda anga sanasanduke mapoto

Moni kwa inu nonse amene mumawerenga zolemba zanga, abale ndi alongo mwa Ambuye. Moninso kwa inu amene mumangosuzumira mwakachetechete kuti muone ngati mkazi wothyoka msana uja akadali moyo. Ndili moyo, ndipo ndikudya bwino. Kwathu ku Salima ndine Aginesi, koma kuno kwa Champhira kumene ndinakwatiwa amanditcha NyaBanda. Ntchito yanga ndi yolowa pansi pa madzi ndi mpweya wa m'masilinda, kuyendera madamu ndi mapaipi. Lero ndikuchitira umboni za chaka chimene msana wanga unathyoka, anthu n'kugamula kuti ntchito imeneyi yandithera, mwiniwakene ndisanafunsidwe.

Kulowa m'madzi ndinaphunzira kunyanja ndili mtsikana. Pambuyo pake kampani ina yoyendera madamu inandilemba ntchito, ndipo ndiyo inandifikitsa ku Mzimba kumene ndinakumana ndi mwamuna wanga. Iye pano ali ku Joni, monga amuna ambiri a kuno. Zaka zisanu ndi zinayi ndinabereka silinda yachitsulo kumsana, kutsika nayo m'malo otsetsereka, kukwera nayo ndili chinyowere, ndipo sindikumbuka tsiku limene ndinapempha mwamuna kuti andinyamulire. Ndinkanyada nazo, ndisaname.

Chakudza sichiyimba ng'oma. Tsiku lina la mvula, njinga yamoto ya kabaza imene ndinakwera inaterereka pamsewu wa ku Embangweni, ine n'kugwera chagada pamwala. Timafupa tiwiri ta msana, cha m'chiunomu, tinasweka. Anandigoneka pachipatala cha mishoni, kenako n'kunditumiza ku Mzuzu kumene anandiika tizitsulo. Dokotala sanazungulire. Anati ndidzayenda, koma katundu wolemera kumsana kapena pamutu ndiiwale mpaka kalekale. Patapita milungu ingapo kampani inandilembera kalata yaulemu kwambiri, yodzaza ndi mawu othokoza, ndipo kumapeto kwake ndi kumene kunali nkhani yeniyeni.

Apongozi anga anandichotsa m'nyumba imene ndinkachita lendi ku Mzimba boma n'kunditengera kumudzi. Pamenepa ndinene zoona, anthu amenewa anandisamala. Amama, mayi a mwamuna wanga, ankandisambitsa ngati khanda. Adada, apongozi aamuna, ankatumiza nkhuku sabata iliyonse. Ndikuti ankatumiza chifukwa pakhomo pathu mkazi wa mwana salankhulana ndi apongozi aamuna. Chikwatiwire changa tinali tisanayang'anepo m'maso. Ndikawaona akubwera ndinkapatuka n'kugwada chapatali, ndipo mawu awo onse ankandipeza kudzera mwa amama.

Nditayamba kuyenda ndi pamene mtima unagwa. Akazi anzanga ankapita kumjigo, ine n'kutsala pakhonde kusenda mtedza. Ndowa yaing'ono yomwe inkandikanika. Obwera kudzazonda ankandiuza kuti madzi akatayika saoleka, ndipo ndiyamike Mulungu kuti miyendo ikuyenda. Ndinkavomera ndi pakamwa, koma mumtima ndinkapsa. Kupemphera ndinasiya. Kutchalitchi ndinkapita chifukwa cha amama basi, nyimbo ndikungotafuna.

M'chipinda changa munali zida zanga, zimene ndinagula ndekha pa zaka zonse zija: masilinda awiri a aluminiyamu, chopumira, suti ya mphira ndi zipsepse za kumapazi. Tsiku lina anthu onse ali kudimba, makani anandigwira. Ndinamangirira silinda imodzi pamalamba ake akale n'kuyesa kuibereka. Sindinafike ngakhale pachitseko. Amama anandipeza masana ndili pansi, ndikulira ngati mwana, silinda ili pamwamba panga.

Mlandu wake unatha msanga. Amama anabwera ndi uthenga: "Mbwenu mwana wane, adada anu akuti zitsulo zija zichoke pano zisanakuphe. Mwezi ukatha kubwera munthu wa mapoto wa pa Jenda, akazisungunule." Mwamuna wanga naye anavomereza pafoni. Sankafuna ndalama, ankafuna kundipulumutsa kwa ine mwini, ndipo zimenezo n'zimene zinandiwawa koposa. Ndinkadziwa kuti masilinda amenewo akapita, sindidzapezanso ena, ndipo sindidzalowanso m'madzi.

Masana a tsiku limenelo ndinatseka chitseko n'kupemphera pemphero limene sindingalibwereze pamaso pa abusa. Ndinakalipa. Ndinati, Ambuye, ngati munandilenga wa pamtunda, munandionetseranji pansi pa madzi? Ngati mwandichotsa ntchito ndinu, nenani nokha, musatume opanga mapoto. Ndinalira mpaka mawu kusasa. Sindinamve liwu lililonse, koma nditadzuka ndinali ndi funso limene miyezi yonseyi sindinaganize kulifunsa.

Sabata yomweyo ndinali ndi tsiku lokaonana ndi dokotala. Ndinawafunsa mosapita m'mbali kuti chimene akundiletsa ndi madzi kapena katundu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti madzi ndi bwenzi la msana ngati wangawu, mdani ndi katundu. Anandipima chifuwa ndi miyendo, n'kunena kuti ngati pali njira yolowera osasenza kanthu, iwo alibe mawu. Ndisanatuluke pageti ndinaimbira a Kamanga, bambo amene anandiphunzitsa ntchitoyi kalekale kunyanja. Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana iwe, anakuuza ndani kuti silinda inabadwira kumsana?"

Anandifotokozera za njira yotchedwa saidimaunti, imene olowa m'mapanga a pansi pa madzi amagwiritsa ntchito. Masilinda awiri amagona m'mbali mwa thupi, kuyambira kukhwapa mpaka pantchafu, ina kumanja ina kumanzere. Munthu amayenda kupita kumadzi atangovala malamba okha. Masilinda amakoleka ali kale m'madzi, mmene chitsulo sichilemera, ndipo amawamasula asanatuluke. A Kamanga anati ali ndi malamba akale ndi chopumira chachiwiri, ndipo abwera nazo okha. Koma anandilumbiritsa kuti sindilowa ndekha mpaka iwo atakhutira kuti ndaphunzira.

Ndinabwerera kumudzi n'kuuza amama kuti akauze adada kuti masilinda anga sapita kulikonse. Amama anagwira pakamwa. "Ndiwe wamakani chomene iwe, NyaBanda." Yankho la adada linabwera m'mawa mwake, lalifupi: mawu awo sabwerera, mwezi ukatha munthu wa mapoto abwera. Ine ndinati chabwino, mwezi sunathe. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

A Kamanga anafika ndi kagalimoto kawo kakale, ndipo tinayamba ndi kusankha zida. Anabweretsa masilinda achitsulo kuti ndiyese, koma tinawakana. Achitsulo amalemerabe ngakhale m'madzi ndipo amakokera chiuno pansi, pamene anga a aluminiyamu mungawakankhe ndi dzanja limodzi. Tsono zimene anthu ankafuna kusungunula ndi zimene zinali zoyenera. Malamba aja anali a mzungu wina wamtali, moti ine ndinkatayikamo. Tinapita nawo kwa wosoka nsapato pamsika wa ku Mzimba boma, a Shaba, amene anawatembenuza kangapo n'kufunsa ngati ndi a bulu. Anawadula, kusuntha mphete zachitsulo kuti zikhale pamene manja anga amafika, n'kusoka ndi ulusi wa nsapato za kumunda.

Vuto lina linali mtovu. Wolowa m'madzi amavala lamba wa mtovu m'chiuno kuti amire, ndipo lamba ameneyo ankagona ndendende pachipsera changa. A Shaba anasoka timatumba tinayi cha pakati pa mapewa ndi m'mbali, tinagawa mtovuwo mmenemo, chiuno n'kutsala chopanda kanthu. Thumba la mpweya lothandiza kuyandama tinalifupikitsa kuti lisatukuke kumbuyo. Koma ndikuchenjezeni inu okonda kukopera: tinasintha malamba ndi zingwe zokha. Chilichonse chodutsa mpweya wopuma, kaya chopumira, kaya paipi, kaya geji yoonetsa mpweya wotsala, sitinachikhudze ndi singano kapena waya. Chikhulupiriro si kusewera ndi mapapo.

Kokayesera tinapita ku damu la Luwawa. Madzi a kumeneko, abale, amaluma mpaka m'mano. Ndinayenda kuchoka pagalimoto wopanda chondilemera, ndinalowa mpaka m'chifuwa, a Kamanga n'kundipatsira masilinda. Nditamiza nkhope n'kukoka mpweya woyamba, ndinalira m'magalasi momwemo. Koma chisangalalo sichinachedwe. Khosi la silinda limagwiridwa kukhwapa ndi chingwe chotanuka, ndipo ine pofuna kuchenjera ndinali nditadula mphira za chubu cha njinga, zija timamangira katundu. Ya kumanzere inaduka, silinda n'kulendewera ngati mbuzi yomangidwa mwendo umodzi. A Kamanga anangotulutsa chingwe chenicheni m'thumba mwawo.

Tinabwerera ku Luwawa masiku asanu. Ndinaphunzira kuti silinda ya aluminiyamu ikamatha mpweya imatukula matako, ndiye ngowe yake uyenera kuisunthira pamphete ya kutsogolo. Ndinaphunzira kupuma mosinthanitsa, pang'ono kumanja pang'ono kumanzere, kuti mbali imodzi isapepuke n'kundipotoza msana. Paipi yaitali tinaiika kumanja, yoti ndingapatse mnzanga mpweya ukamuthera, ndipo yaifupi tinaikoleka m'khosi. Chimene chinandikondweretsa kwambiri ndi mavalavu. Kale ankakhala kuseri kwa khosi kumene dzanja langa silifikanso, koma tsopano anali pansi pa makhwapa, ndikuwaona ndi maso. Tsiku lachisanu a Kamanga anandimanga nsalu kumaso n'kundiuza kuti ndimasule ndi kukoleka zonse mwa kungopapasa. Ndinakhoza.

Kumudzi nkhani inali itafika kale, ndipo inafika itanenepa. Ena ankati ndapenga, ena ankati ndikufuna kusiyira mwamuna wanga maliro. Masiku otsala kuti mwezi uthe anali anayi.

Nthawi imeneyo n'kuti damu la mthirira la m'dera lathu litatseka. Madzi analimo odzaza, koma paipi yotulukira pansi pa khoma inkangodontha. Tomato, anyezi ndi mbatatesi za mabanja ambiri zinali kufota dzuwa la chilimwe lili ng'aa, ndipo tomato wa adada anali momwemo. Amuna a komiti yoyang'anira damulo anayesa kutokosa ndi nsungwi zolumikiza, osaphula kanthu. Ndinapita kwa wapampando n'kunena kuti ine ndi a Kamanga tilowa. Anaseka, koma analibe kwina kolowera, ndiye anavomera. Kwa amama ndinanena kuti ndikalephera, munthu wa mapoto ndidzamulandira ndekha ndi kumuphikira tiyi.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkandidetsa nkhawa. Paipi yotseka ikatseguka valavu ya kunja ili yotsegula, madzi onse a m'damu amafuna kutulukira pakamwa pamodzi, ndipo munthu amene ali pafupi amamatidwa pamenepo osachokanso. Valavu iyenera kukhala yotseka mpaka tonse titatuluka. Koma alimi a kuno anazolowera kuti paipi ikatseka, wina amatokosa wina atatsegula, kuti madzi azikoka matope. Nditafotokoza, amuna a komiti anati, "Yewo, tamva," ndi nkhope za anthu amene akungodikira kuti mkazi amalize kulankhula. Wina ananong'ona kuti kutsegula pang'ono kungatithandize. Valavuyo ili kuseri kwa khoma, kosaoneka kuchokera kumadzi, ndipo pamudzi ponse munthu amene amuna amenewa sangamudutse anali mmodzi yekha.

M'mawa wa tsikulo ndinachita chinthu chimene sindinachitepo. Adada anali kukhola akumasula ng'ombe. Ndinapita mpaka pafupi, ndinagwada ngakhale msana unkakana, n'kulankhula nawo mwachindunji. "Adada, ndapota nanu, ndikhululukireni mwano. Ine ndilowa m'madzi lero, mufune musafune. Koma wina akatsegula valavu ija ndili pansi, mudzandivuula mtembo." Amama, amene anali pakhonde, anagwetsa lichero. Adada sanatembenuke. Anapitiriza kuyang'ana ng'ombe zawo mpaka ine ndinadzuka ndekha n'kumapita.

Kudamu kunali anthu ngati pamsika. Suti ya mphira imagwira thupi, ndiye ndinamanga chitenje pamwamba pake n'kuchivula madzi atafika m'chiuno. Ndinayang'ana m'khamumo, adada osawaona. Mtima unandipweteka, koma ndinati Ambuye, Inu mwaona. Valavu tinali titaonetsetsa kale kuti yatsekedwa, ndiye a Kamanga ananyamulira masilinda onse m'madzi, tinakoleka, tinapemphera mwachidule n'kumira.

Pansi panali mdima wa matope, dzanja lako lomwe osaliona. Tinatsata khoma mopapasa mpaka tinapeza kanyumba ka simenti kamene kamateteza kamwa la paipi. Khomo lake linali lalifupi, loti munthu wobereka silinda kumsana sakanalowa. Ndinamasula ngowe za kumunsi, ndinakankhira masilinda kutsogolo kwanga n'kulowa chokwawa, a Kamanga atagwira chingwe changa pakhomo. Pasefa yachitsulo panali pataphimbika neti ya udzudzu, matumba a feteleza ndi nthambi, zonse zitaumbika pamodzi ndi dothi. Ndinadula ndi mpeni kachidutswa kachidutswa, ndikupatsira a Kamanga, ndikusintha chopumira, ndikuyang'ana geji poyigunditsa pamagalasi. Zinatenga nthawi yaitali kuposa mmene tinauzira anthu. Thumba lomaliza litachoka, ndinazindikira kuti mimba yanga yagona pakamwa penipeni pa paipi. Madzi anali phee, osakoka.

Titavuuka anthu anakuwa. Tinamasula masilinda, tinatuluka, a Kamanga n'kukweza dzanja kuti tsopano atsegule. Tinadikira, koma madzi osamveka. Kenako wapampando anabwera akutuluka thukuta n'kunena kuti ndipite ndekha kuseri kwa khoma, chifukwa iwo zawakanika.

Ndinamanga chitenje n'kukwera khomalo pang'onopang'ono, madzi akuchucha. Kuseriko ndinapeza adada atakhala pamwamba pa chiwongolero cha valavu, ndodo ili pamaondo. Anali pamenepo kuyambira pamene tinamira, padzuwa, opanda chipewa. Ndinamva pambuyo pake kuti titachedwa pansi, amuna atatu anabwera kuti atsegule pang'ono atithandize, ndipo adada anawauza kuti, "Apa palije wakujura. Wofuna kutsegula ayambe wandichotsa ine." Ngakhale wapampando atawauza kuti tatuluka, iwo anakana, akuti za kumva sakuzifuna. Atandiona anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kwa nthawi yoyamba chikwatiwire changa. Anadzuka movutika, chifukwa miyendo inali itachita dzanzi, n'kuuza amuna aja kuti, "Jurani," kutanthauza kuti tsegulani. Paipi inatsokomola matope akuda, kenako madzi anathamanga mumfuleni, akazi n'kuyamba nthungululu.

Ine ndinakhala pansi pomwepo, mphamvu zitandithera. Nditabwerera kumbali ya madzi ndinapeza ngolo ya adada yafika. Anakana kuti wina agwire masilinda anga. Anawanyamula okha, imodzi imodzi, n'kuwagoneka pa udzu m'ngolomo. Kenako anatembenukira kwa ine, anthu onse akumva, n'kufunsa: "NyaBanda, zitsulo zanuzi, kunyumba tizisunga pamthunzi kapena padzuwa?" Amenewo ndiwo mawu oyamba amene apongozi anga anandilankhula. Ndinayankha kuti pamthunzi, adada, ndipo misozi sindinaibise.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanakwiye ndi pemphero langa lamwano. Ndikuthokoza a Kamanga, a Shaba ndi singano yawo, dokotala amene anayankha funso langa moona, ndi amama amene anandisambitsa. Koposa onse ndikuthokoza nkhalamba imene sinagwirizane nane ngakhale pang'ono, koma inakhala padzuwa kulondera moyo wanga. Musamve ngati ndachira. Msana umandiwawabe kukazizira, ndowa sindisenza, ndipo sindidzasenzanso. Koma magulu a mthirira a m'madera oyandikana nafe ayamba kundiitana, ndipo ndimapita, nthawi zonse ndi mnzanga wolowa naye komanso munthu wokhala pavalavu.

Tsono iwe amene ukuwerenga uli pamphasa, kapena uli ndi kalata yaulemu m'manja, ndikulankhula ndi iwe. Anthu okukonda adzakhala pansi n'kugamula kuti watha, ndipo adzachita zimenezo ndi misozi yeniyeni. Alemekeze, uwagwadire, koma usavomere msanga. Funsitsa kuti chimene chaletsedwa kwenikweni n'chiyani, funa amene amadziwa kuposa iwe, ndipo ngati pemphero laulemu lakukanika, pemphera lokalipa lomwelo, Mwiniwake amamva. Ine anandiuza kuti ndidzafera pakhonde ndikusenda mtedza. Mtedzawo ndimasendabe, koma ndimasenda nditachokera kuntchito. Ambuye alemekezeke. Ameni.